Kodi M'busa Wabwino angasenze mbuzi?

Funso la sabata ino lachokera kwa wowerenga wa ku Thyolo. Iye walemba kuti:

"Ndine mnyamata wa ku Goliati. Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera, nthawi zina ndimajambulanso nkhope za anthu. Akuluampingo kwathu andipatsa khoma la kutsogolo m'tchalitchi kuti ndijambulepo M'busa Wabwino, ndipo andipatsa kalendala yakale yoti ndionerepo: mzungu watsitsi lofika m'mapewa, mkanjo woyera mbee, kamwana ka nkhosa kali pachifuwa. Koma ine chibadwire sindinaonepo munthu akudyetsa gulu la nkhosa. Kuno tili ndi mbuzi zapachingwe ndi ng'ombe zamkaka zosatuluka m'khola. Nditati bwanji ndijambule mbuzi, mkulu wina anandidula pakamwa, amvekere mbuzi n'zakumanzere. Kodi chithunzi chimenechi chinachokera kuti? Nanga ife ozunguliridwa ndi tiyi, nkhani ya m'busa ndi chilengedwe ikutikhudza pati?"

Achimwene, kalendala akupatsaniyo ndikuidziwa ngakhale sindinaione. Ngati si chithunzi cha Bernhard Plockhorst, Mjeremani amene anamwalira mu 1907, ndiye kuti ndi cha Warner Sallman wa ku Chicago, amene anajambula m'busa wake m'zaka za m'ma 1940, kapena cha wina amene anaonera kwa awiriwa. Zithunzi zimenezi zinasindikizidwa zankhaninkhani, zinafika kuno pamodzi ndi mabuku a Sande sukulu, mpaka tonse tinayamba kuganiza kuti ndi mmene Yesu ankaonekera. Koma pa mbiri ya m'busa m'zojambula, izi n'zadzulodzuloli. Yankho la mkulu wanu uja lili pansi pa nthaka mumzinda wa Rome, ndiye tiyambire komweko.

Akhristu oyambirira a ku Rome ankaika maliro awo m'makwalala okumba pansi, ngati mauna a mbewa koma otalika makilomita ambirimbiri. M'zaka za m'ma 200 anayamba kujambula m'makoma ndi kudenga kwa mandawo, ndipo chithunzi chimene ankachikonda sichinali cha Yesu pamtanda. Chimenecho chinadzayamba kuoneka m'matchalitchi m'zaka za m'ma 400. Iwo ankajambula mnyamata wopanda ndevu, watsitsi lalifupi, wovala kamalaya kolekeza m'mawondo kamene ankavala antchito, kathumba kali m'khwapa, nthawi zina ali ndi chitoliro kapena kachidebe ka mkaka. Chiweto sanachifukate pachifuwa ngati khanda. Anachikoleka pakhosi, miyendo yakutsogolo m'dzanja ili, yakumbuyo m'dzanja linalo, monga amachitira munthu amene ali ndi mtunda woti ayende. Ku Dura-Europos m'dziko la Syria, m'nyumba ina imene anaisandutsa tchalitchi cha m'ma 240, m'busa yemweyo anamujambula pamwamba pa malo obatizira.

Tsono imvani apa. Pa zina mwa zithunzi zimenezi, ndipo chodziwika kwambiri chili m'manda otchedwa Priscilla, chiweto chili pakhosicho chili ndi maonekedwe a mbuzi, ndipo akatswiri ambiri amachitchula mbuzi ndithu. Wojambulayo dzanja silinamuterereke. Kumaiko amenewo nkhosa ndi mbuzi zinkadyera pamodzi, m'busa wake mmodzi. Ngakhale fanizo la pa Mateyu 25 limene mkulu uja wagwira likunena za m'busa wolekanitsa nkhosa ndi mbuzi, kusonyeza kuti tsiku lonse zinali m'gulu limodzi ndipo zonse zinali zake. Pa Eksodo 12:5, chiweto cha Paskha chikuloledwa kuchokera kwa nkhosa kapena kwa mbuzi. Sindikuti mkuluyo alibe mfundo. Mpingo umene wakhala ukumva za mbuzi zakumanzere kuyambira kukalasi ungadodome kuona Ambuye atasenza tonde. Koma wina akakuuzani kuti Akhristu sanajambulepo zotero, muyankheni mwaulemu kuti anajambula, zaka pafupifupi 1,800 zapitazo.

Kasenzedwe kameneka Akhristu anachita kukapeza. Ku Athens kuli chiboliboli cha mwala chosemedwa cha m'ma 570 Yesu asanabadwe: bambo wasenza mwana wa ng'ombe pakhosi, manja ake ndi miyendo ya chiwetocho zapingasana pachifuwa, nkhope ziwirizo zagundana ngati pachibale. Ukachiona mtima umakhala pansi, mpaka utamva kuti bamboyo akupita kukapereka nsembe. Agiriki ankasemanso mulungu wawo Hermes atasenza nkhosa yamphongo chimodzimodzi. Akhristu anatenga thupi lomwelo n'kutembenuza ulendo wokha: chiweto sichikupitanso kumpeni, chikubwerera kukhola. Komabe mpeni uja sunachokeretu m'nkhaniyi, ndipo aliyense amene anawetapo akudziwa. Timaisamala mbuzi, timaichotsa nkhupakupa, timaidziwa ndi kulira kwake komwe, koma tsiku la fizi kapena la maliro likafika timaikoka. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chikondi cha m'busa n'chenicheni, koma si cha munthu wongoonerera chilengedwe. Ndi cha munthu wodya momwemo.

Mpingo utaloledwa ndi boma la Roma mu 313, m'busa uja anayamba kukwera maudindo. Ku Ravenna m'dziko la Italy, m'kanyumba kotchedwa dzina la Galla Placidia, mwana wamkazi wa mfumu ya Roma, ka m'zaka za m'ma 400, anamupanga ndi timiyala tamitundumitundu: wakhala pathanthwe, mkanjo wagolide, nsalu yofiirira ya mafumu ili paphewa, ndodo yasanduka mtanda wautali wagolide, nkhosa 6 zikumuyang'ana. N'chokongola zedi. Koma munthu wovala choncho sangalowe m'khola kukakokolola ndowe.

Mafumu anayamba kalekale kusirira ndodo ya m'busa. Hammurabi wa ku Babulo, cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe, anadzitcha m'busa wa anthu ake pamwala umene analembapo malamulo. Pabokosi la maliro a Tutankhamun wa ku Aigupto, Faraoyo wapingasa pachifuwa ndodo yokhota ya m'busa pamodzi ndi mkwapulo. Koma Genesis 46:34 akutiuza kuti abusa enieni Aigupto ankanyansidwa nawo. Ndodo ankaifuna, fungo lake ayi. Ubwino wake ndi wakuti dzina limeneli lili ndi mano: ukadzitcha m'busa, anthu ali ndi ufulu wokufunsa kuti nkhosa zawonda chifukwa chiyani. Ezekieli 34 yense ndi mlandu wa atsogoleri odya mafuta ndi kuvala ubweya osadyetsa gulu. Ife tinazionera pafupi pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya ubusa ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, dziko n'kugwedezeka mpaka pa riferendamu ya 1993. Ndipo taonani mmene mawuwa ayendera m'Chichewa chathu. Mukaimitsa mwana pa Luchenza n'kumufunsa kuti abusa ndani, akulozerani wa kolala. Wodyetsa ziweto timangoti mnyamata wa ng'ombe, ndipo pa antchito onse a pakhomo ndiye wolandira zochepa.

Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje, chakufupi ndi mtsinje wa Likhubula, ndipo mbuzi za agogo anga zinali m'manja mwanga kuyambira ndili Sitandade 2. Kwathu mbuzi imakhalitsa pachingwe kusiyana ndi madera amene amangodikira kukolola chimanga, chifukwa chimanga chikachoka nandolo ndi chinangwa zimatsala m'munda. Ntchito yanga inali kukhoma zikhomo m'mawa, kuzisuntha ndikaweruka, ndi kumasula chingwe chikazengerezana ndi chitsa. Tsiku lina mu Julayi, chiperoni chitatseka phiri lonse moti sumaona ngakhale nthochi za kuseri kwa nyumba, ndinachita ulesi osasintha chingwe cha khonje chimene ndinkadziwa kuti chafumbwa. Mbuzi yaikazi inadula, inadutsa m'munda mwa eni n'kusadzula nandolo mizere ingapo, kenako inakwera kumiyala ndi kamwana kake. Ndinaipeza dzuwa litapita, osati ndi maso koma ndi khutu, chifukwa inali ndi kaliridwe kake kosasa mawu kamene sindikanakasokoneza ndi ka mbuzi ina. Kuikoka inakana, inangoti miyendo nji. Ndiye ndinanyamula kamwanako n'kukakoleka pakhosi, ndipo mayi wake anayamba kunditsata yekha, akulira njira yonse. Kamimba kake kanali kotentha pakhosi panga, kamtima kakugunda pafupi ndi khutu langa, ndipo tisanafike pamsewu kanandikodzera, mkodzo n'kutsika ndi msana mpaka m'kabudula. Nkhani ya nandolo inakathera kwa amfumu ndi nkhuku imodzi, ya ine inathera kuseri kwa nkhokwe ndi kamtengo ka bulugamu.

Patapita zaka zambiri, nditaona koyamba chithunzi cha m'manda a ku Rome chija m'buku, sindinafune wondimasulira. Ndinangoyang'ana manja n'kudziwa kuti wojambulayo anaonapo munthu atasenza chiweto. Pakalendala yanuyo yang'anani manja omwewo. Kamwana ka nkhosa kamoyo sungakagwire choncho mphindi ziwiri.

Baibulo lenilenilo silinyengerera pa ntchito imeneyi. Pa Genesis 31, Yakobo akudandaulira Labani kuti usana dzuwa linkamutha, usiku chisanu, tulo osatiwona, ndipo chiweto chikajiwa ndi chilombo ankalipira yekha. Davide akudzitama kwa Sauli kuti analimbana ndi mkango ndi chimbalangondo. Salmo 23 limene timaimba mofatsa pamaliro lili ndi chibonga m'kati mwake, osati ndodo yokha, ndipo chibonga ntchito yake tonse tikuidziwa. M'busa wa m'Malemba ndi munthu wogona panja, wamikwingwirima, wodziwa kumene madzi atsala chilimwe chikafika pachimake.

Nanga m'busa woyera zovala, wokhala pamthunzi n'kumaliza chitoliro tsiku lonse, anachokera kuti? Anachokera m'tauni. Ndakatulo zotamanda moyo wa abusa anaziyambitsa Theocritus wa ku Sicily cha m'ma 270 Yesu asanabadwe, ndipo ozikonda ake anali anthu ophunzira a m'mizinda ngati Alexandria. Munthu akatopa ndi fumbi ndi phokoso amayamba kulota kumudzi kumene sanakalimeko, ngati abale athu ena a ku Blantyre amene amabwera pa Khirisimasi n'kumati kuno ndiye kuli mtendere, Lolemba n'kubwerera. Maloto amenewa anakula ku Ulaya kwa zaka mazanamazana, mpaka mu 1783 mfumukazi Marie Antoinette ya ku France inayamba kumangitsa kamudzi koyerekezera m'bwalo la nyumba yachifumu ku Versailles, ka madenga audzu, ng'ombe ndi nyumba ya mkaka, koti izikapumulirako. Patangotha zaka 6 anthu anjala anaukira ufumuwo.

Si onse ojambula amene ananama. Hugo van der Goes, cha m'ma 1475, anajambula abusa atatu akuthamangira kukaona khanda ku Betelehemu ali ndi manja okhakhala, nkhope zopsa ndi dzuwa, wina kukamwa kuli yasa mano apatalipatali akuonekera. Jean-François Millet, mwana wa alimi a ku Normandy, anaonetsa mu 1864 mtsikana woweta nkhosa ataima pachigwa chopanda mtengo, mutu uli pansi akuluka, osamwetulira aliyense. Palinso nthano imene ingakusangalatseni inuyo: amati Giotto, mmisiri wamkulu wa ku Italy amene anamwalira mu 1337, anamutola ali mnyamata woweta, akujambula nkhosa pamwala ndi kamwala kosongoka. Kaya zinachitikadi kaya anangokometsera, anthu anaikonda nthanoyo chifukwa inkafotokoza mmene nkhosa zake zinkaonekera zamoyo.

Koma pa funso lanu la tiyi, munthu woti mumudziwe ndi Virgil, mlakatuli wa Chiroma. Ndakatulo yake yoyamba ya abusa, ya cha m'ma 40 Yesu asanabadwe, anthu amaikumbukira chifukwa cha m'busa wogona pamthunzi wa mtengo. Amaiwala mnzake amene akulankhula naye. Ameneyo ali paulendo, munda wake walandidwa n'kupatsidwa kwa msilikali wopuma nkhondo, monga zinachitikiradi ku Italy itatha nkhondo ya ku Philippi mu 42 Yesu asanabadwe. Akukusa ziweto zake osadziwa kolowera, ndipo imodzi yangoswa mapasa pamwala n'kuwasiya pomwepo. Ziweto zakezo, achimwene, ndi mbuzi. Ndiye kuti kuyambira kalekale, luso lonena za abusa lakhala likunenanso za malo: ndani watsala pamthunzi, ndani wachotsedwa.

Nthawi zina chochotsa anthu chimakhala nkhosa yeniyeniyo. Mu 1516 Thomas More anadandaula kuti ku England nkhosa, zofatsa zija, zayamba kudya anthu, chifukwa eni malo ankagwetsa midzi kuti apeze msipu wa ubweya. Kumapiri a ku Scotland, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800, mabanja ambirimbiri anasamutsidwa m'zigwa za makolo awo kuti mulowe nkhosa. Ndimaganiza za zimenezi ndikamadutsa pa Thunga, pokumbukira kuti dziko lomwelo ndi limene linatitumizira amishoni a ku Blantyre mu 1876. Tiyi anabzalidwa ku Mulanje mu 1891. Kuyambira mu 1892 boma la atsamunda la Harry Johnston linayamba kupereka zikalata zotsimikiza kuti malo aakuluakulu a kumapiri kuno ndi a azungu, ndipo anthu okhala pamalopo, ambiri a iwo Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, ankalipira lendi ndi thukuta lawo, thangata uja. Mkwiyo wake unaphulika ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata anathetsedwa mu 1962. Thangata anatha, koma malire a minda sanasunthe kwenikweni, pamene anthu akhala akuchulukirachulukira. Sindikuiwala kuti tiyi yemweyo ndiye amadyetsa mabanja ambiri kuno. Ndikungoti chingwe chili pakhosi pa mbuzi yanuyo chili ndi mbiri yake. Munthu wa kamunda kosakwana ekala, kumanzere tiyi kumanja nandolo wa eni, msipu angaupeze kuti?

Musaganize kuti m'busa m'zojambula ndi nkhani ya azungu ndi Ayuda okha. Nkhosa ndi mbuzi zinayamba kuwetedwa zaka zoposa 10,000 zapitazo kumapiri a kumene lero kuli Turkey, Iraq ndi Iran, koma zina mwa zithunzi zakale zokongola kwambiri za abusa zili mu Africa muno. Ku Tassili n'Ajjer m'dziko la Algeria, pakati pa chipululu cha Sahara, m'matanthwe muli magulu a ng'ombe ojambulidwa zaka zoposa 5,000 zapitazo, nthawi imene kumeneko kunali udzu ndi mitsinje. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti ng'ombe zake si zofanana. Iyi ya mawanga, iyo ya nyanga zopindikira kutsogolo, inayo bere lili lendelende. Wojambulayo ankazidziwa imodziimodzi. Adinka a ku South Sudan mpaka lero mnyamata amatenga dzina kuchokera ku mtundu wa ng'ombe yake n'kuipekera nyimbo. Afulani a ku Mali amachita chikondwerero ng'ombe zikamawoloka mtsinje wa Niger pa Diafarabé. Bwererani ku kalendala yanu muwerenge nkhosa: zonse nkhope imodzi, ngati mabanzi a m'chikombole chimodzi. Umu ndi mmene ine ndimadziwira ngati chithunzi chajambulidwa ndi woweta kapena ndi wongomva.

Kwathu kuno luso la abusa lilipo, kungoti silinapachikidwe pakhoma. Ndi ng'ombe zadothi zija ankaumba anyamata kudambo, linunda lili pamsana, nyanga zosongoka, n'kumazimenyanitsa mpaka ya wina ithyoke khosi. Mvula ikagwa zinkasungunuka, mawa n'kuumba zina. Koma n'zoona kuti makolo a kuno, kusiyana ndi Angoni amene anawoloka Zambezi mu 1835 moyo wawo uli pa ng'ombe, ubale wawo ndi nyama anaufotokoza kwambiri kudzera m'nyama zakutchire. Ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006, zofiira n'za Akafula osaka nyama, ndipo zoyera n'za Achewa, zokhudza nyau ndi chinamwali. Tchopa wa Alomwe, amene anazindikiridwa mu 2014, amavinidwa ndi zikopa za nyama, pothokoza mizimu pa zokolola ndi ulenje.

Ndipo pali nthano ya Kaphirintiwa, imene kwa ine ndi yozama kuposa ndakatulo zonse za ku Ulaya zija. Imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, mpaka munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Njovu, mkango ndi zinzake zinathawa zitakwiya, n'kukhala adani a munthu. Koma galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu yemweyo kuti azipulumutse. Taganizirani bwino. M'nthano imeneyi chiweto ndi nyama imene inathawira kwa wotentha tchire. Kuweta kukuyamba ndi ngongole: unawononga kwawo, tsono uzisunge. Ngati mukufuna chifukwa chochokera kwathu choikira mbuzi pafupi ndi m'busa, n'chimenecho.

Mwafunsa kuti nkhaniyi ikukukhudzani pati. Mawa lino dzukani 5 koloko muime pamsewu wa ku Bvumbwe. Muona mayi atasenza mtolo wa nsenjere wautali kuposa iye mwini, chikwakwa chili m'manja, chitenje chanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Muona njinga za zigubu zikuthamangira kumalo osonkhanitsira mkaka usanasase. Ng'ombe ya mayiyo siidziwa msipu, msipu ndiwo umayenda pamutu kukaipeza. Koma mayiyo ndi m'busa wathunthu. Amadziwa ng'ombe yake ikasiya kubzikula, amadziwa madeya akakwera mtengo kuti mkaka utsika malita angati, amadziwa khwawa limene limakhala ndi udzu wauwisi mu Okutobala ndi limene linauma chithereni nkhalango ya m'phiri la Thyolo. Ndowe amazibweza kumunda, mapesi amawabweza kukhola. Ubale wa munthu ndi chilengedwe ndi umenewo, kudziwa kobwera chifukwa choti ukalakwitsa ugona ndi njala.

Sindikufuna kuti mumuyeretse mopitirira, chifukwa tikatero tabwerera ku Versailles. Mbuzi yomasuka imatha mbande za mitengo sabata imodzi. Ofuna msipu watsopano ndi osaka mbewa ayatsa matchire ambiri. M'phiri la Mulanje mkungudza, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto, ndipo odulawo si alendo. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, matope otsika m'mapiri anakokolola anthu, makola ndi ziweto limodzi, osasankha. Bungwe la United Nations linasankha 2026 kukhala chaka cha malo odyetsera ziweto ndi abusa, poganizira anthu ngati Amasai ndi a ku Mongolia oyenda ndi magulu aakulu. Ine ndikanakonda akanakumbukirako ndi woweta wa ng'ombe imodzi amene msipu wake ndi m'mbali mwa ngalande.

Tsono za khoma lanu. Musakangane ndi akuluampingo, khomalo ndi lawo ndipo ndi amene adzaliyang'ane Lamulungu lililonse. Apititseni zojambula ziwiri zapapepala. China m'busa asenze mwana wa nkhosa koma m'gulu mukhale mbuzi zosakanikirana, monga zinalili ku Yudeya. Chinacho asenze kambuzi, ndipo muwauze za manda a ku Rome. Akasankha choyamba musadandaule, mbuzi zalowa kale m'tchalitchi. Za khungu la m'busayo simukuyamba ndinu: ku Cameroon m'zaka za m'ma 1970 anajambula nkhani zambiri za Uthenga Wabwino ndi nkhope za anthu a mtundu wa Mafa, ndipo ku Mua, kumene malo a zaluso a KuNgoni anayamba mu 1976, amisiri akhala akusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu kwa zaka zambiri. Mukapeza ya thiransipoti kafikeniko.

Nkhosa musaonere pakalendala. Funsani alangizi a ziweto akulozereni amene akuweta zachikuda, mukakhale pakhola pake tsiku lathunthu ndi kope. Mudzaona kuti zathu si zoyera ngati thonje: zambiri n'zabulawuni kapena zamawanga, ubweya wake waufupi, mchira wonona, ndipo zikamadya mitu imakhala pansi pamodzi pamene mbuzi imaimirira ndi miyendo iwiri kufuna tsamba lam'mwamba. Iliyonse muipatse nkhope yake, ina ikhale yotsimphina, ina yoyang'ana kumbali. M'busayo muikeni patsogolo, pakuti Yohane 10 akuti amazitsogolera ndipo zimamutsata podziwa mawu ake, osati kuzikusa kumbuyo ndi mkwapulo monga timachitira ife. Chibonga chikhale m'chiuno, mapazi akhale ndi fumbi lofiira la konkuno. Kumbuyo kwake simukusowa mapiri a ku Galileya pamene Mulanje amaoneka kum'mawa tsiku lopanda mitambo.

Tsiku la msika pitani kumene amagulitsira mbuzi, mupemphe wina akukolekeni kambuzi pakhosi muyende nako pang'ono, kuti mumve m'thupi mwanu mmene mutu umaweramira ndi mmene zigongono zimatsikira. Valani malaya akale. Ngati pulasitala wa khomalo ndi watsopano, mudikireni aume bwinobwino musanapake penti, chifukwa chinyezi cha ku Thyolo chimasupula chithunzi chisanathe chaka. Ndipo pojambula miyendo yakumbuyo yang'anitsitsani kumene mfundo iliyonse ikupindikira. Ojambula osaweta amalakwitsa pamenepo, ndipo amayi a ku Goliati adzaona msanga kuposa abusa.